Kodi ndani akukhala mu komiti yoyang'anira chipatala chathu?

Chipatala cha boma chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira momwe zinthu zikuyendera. Ogwira ntchito zaumoyo amaitchula mwachidule kuti HAC, koma anthu ambiri amangoti komiti ya pachipatala. Ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala, kuchitira umboni mankhwala akafika kuchokera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logawa mankhwala m'zipatala za boma, ndi kuyanjanitsa anthu ndi ogwira ntchito pakabuka kusamvana. Maganizo amenewa si atsopano. Msonkhano wa mayiko wokambirana zaumoyo womwe unachitikira ku Alma-Ata mu 1978 unagwirizana kuti anthu azitenga nawo mbali pa chisamaliro cha umoyo wawo, ndipo kuno kwathu ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inatsegula njira yoti zimenezi zichitike.

Pantchito yanga yophunzitsa makomiti otere ndaona kuti anthu amafunsa kwambiri za mphamvu zomwe komiti ili nazo, koma safunsa za anthu omwe akhala pamipandoyo. Komatu nkhani yagona pamenepo. Malamulo a komiti angalembedwe bwino chotani, mlonda wake ndi munthu, ndipo munthu amafika pampando ndi mbiri yake, abale ake, ngongole zake ndi mantha ake.

Ku Mzuzu funsoli ndi lolemera chifukwa cha momwe mzindawu unakhalira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000 mumzinda uno, koma tilibe chipatala cha boma chachikulu cha m'boma ngati chomwe chili ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay. Cha ku Mzimba boma chili pa mtunda wopitirira makilomita 100. Mzuzu Central Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan, inamangidwa kuti izilandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a kumpoto, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Likoma. Ndiye mayi wa ku Chibavi, wa ku Zolozolo kapena wa ku Mchengautuba mwana akatentha thupi usiku, mmawa amalawirira ku chipatala cha Mapale kapena ku kachipatala kapafupi. Amene ayang'anire malo ngati amenewa ayenera kudziwa kuti mzere umayamba nthawi yanji, ndiponso kuti umafika pati dzuwa likamakwera.

N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa membala aliyense silikhala la sukulu. Ndimafunsa kuti iyeyo ndi ana ake akadwala amapita kuti. Pali anthu olemekezeka, ofatsa, odziwa kuyendetsa msonkhano, amene pazaka zambiri sanagwirepo buku la kuchipatala pamzere wa boma chifukwa ali ndi inshuwalansi ya kuntchito ndipo amapita kolipira. Sindikunena kuti achotsedwe. Koma komiti yonse ikadzaza ndi anthu otere, madandaulo amafika kwa iwo ngati nkhani yomva pawailesi. Mayi woyenda kusikelo, gadiyani amene anagonapo pakhonde podikirira m'bale wake, munthu amene amakatenga ma ARV kapena mankhwala a BP, ameneyo safuna lipoti kuti adziwe kuti windo la mankhwala latsekedwa msanga. Amadziwanso zinthu zomwe sizilembedwa paliponse, monga mawu omwe mtsikana wapasukulu amalandira akapita kukafunsa za kulera.

Mtundu wina wa anthu omwe amasankhidwa kawirikawiri ndi anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo opuma pantchito. Apa pafunika kufatsa, chifukwa ubwino ndi vuto zili pamodzi. Namwino wopuma amadziwa kuwerenga khadi la mankhwala. Galimoto ikatsitsa makatoni, iye amatha kuyerekeza zomwe zalembedwa papepala ndi zomwe zafikadi, amayang'ana tsiku lomwe mankhwala adzathere mphamvu, ndipo sangapusitsidwe ndi mawu achingerezi a kuchipatala. Ndaonapo mamembala ena akusayina pepala lolandirira mankhwala osatsegula katoni ngakhale imodzi, osati chifukwa cha chinyengo, koma chifukwa palibe anawauza chomwe akusayinira. Siginecha yotere imangophimba wakuba. Komiti yopanda munthu wodziwa zimenezi ndi yosavuta kuinamiza.

Koma namwino yemweyo anagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu omwe lero akuyenera kuwayang'anira. Ena anawaphunzitsa yekha, ena amapemphera nawo, ena anamuthandiza pamaliro. Dandaulo likabwera loti mzamba anakalipira mayi ali pa ululu wobereka, mtima wake umathamangira kukumbuka usiku womwe iyenso anali yekha muwodi ndi amayi ambiri. Chifundo chimenecho ndi choona, ndipo nthawi zina chimathandiza komiti kumvetsa kuti vuto ndi kuchepa kwa ogwira ntchito osati nkhanza. Choopsa n'chakuti dandaulo lililonse lingathere pa mawu akuti "amatopa, tiwamvetse". Langizo langa ndi loti munthu wotere akhalemo ndithu, koma asakhale wapampando, ndipo nkhani ikakhudza mnzake wakale, anene poyera n'kutuluka panja mpaka ithe.

Kunena poyera kumeneku ndi chinthu chomwe makomiti athu sanachizolowere. Membala aliyense amayenera kulemba, pa tsiku lomwe wasankhidwa, ubale uliwonse womwe ali nawo ndi chipatalacho. Kodi mkazi wake kapena mphwake amagwira ntchito pomwepo? Kodi ali ndi sitolo ya mankhwala kapena kachipatala kolipira? Kodi amagulitsa nkhuni, chakudya kapena njerwa kuchipatalako? Mzuzu ndi mzinda womwe anthu amadziwana, ndipo kupeza anthu khumi opanda ubale uliwonse ndi chipatala n'kovuta. Choncho ubalewo si mlandu. Mlandu ndi kuubisa. Munthu amene ali ndi sitolo ya mankhwala amapindula mankhwala akasowa kuboma, chifukwa wodwala akauzidwa kuti akagule yekha amapita kwa iye. Angakhale wokhulupirika kotheratu, koma anthu ali ndi ufulu wodziwa asanamupatse udindo wowerenga makatoni.

Za andale sindichulutsa mawu. Komiti yosankhidwa ndi khansala kapena phungu imayankha kwa amene anaisankha, ndipo chisankho chikasintha zinthu, nayo imagwa. Mafumu ndi ma block leader ali ndi gawo lawo, loitanitsa msonkhano ndi kuonetsetsa kuti madera onse aimiridwa, koma kuloza ndi chala kuti uyu ndi uyu akhalemo si gawo lawo.

Atsogoleri a mipingo amabweretsa ulemu, ndipo anthu amawauza zakukhosi mosavuta. Kumpoto kuno mipingo ilinso ndi zipatala zake: St John's mumzinda muno ndi ya Akatolika, ya ku Ekwendeni ndi ya sinodi ya Livingstonia ya CCAP, ndipo zonsezi zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatala za CHAM, ndipo m'malo ena limachita nazo mgwirizano kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe ulere. Popeza ndalama za misonkho zimalowamo, anthu ali ndi chifukwa chofunsa mafunso kumeneko ngati momwe amafunsira kuboma. Mkulu wa mpingo amene akuyang'anira chipatala cha mpingo wake womwe ali pamalo ofanana ndi namwino wopuma uja, choncho pambali pake pakhale wina wosakhala wa mpingowo.

Pali anthu ena omwe sindiwaona kawirikawiri pamipando imeneyi, ndipo kusowa kwawo kumandiwawa. Munthu woyenda panjinga ya olumala ndiye angakuuzeni kuti chimbudzi cha pachipatala sichilowereka. Munthu wosamva angakuuzeni momwe zimakhalira kufotokoza matenda obisika kudzera mwa m'bale wako chifukwa palibe wodziwa chinenero chamanja. Achinyamata amatchulidwa pamsonkhano uliwonse koma mpando amapatsidwa mmodzi, n'kumutuma kulemba mayina. Amayi ndiwo amadzaza mabenchi a chipatala tsiku lililonse, koma udindo womwe amapatsidwa kawirikawiri ndi wosunga chuma, pomwe chumacho palibe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Makomiti angabwereke muyeso umenewu popanda kudikira kalata yochokera ku Lilongwe. Chinenero nachonso chisaiwalike: mumzinda womwe Chitumbuka, Chichewa ndi Chitonga zimamveka pamzere umodzi, gogo wochokera kumudzi apeze membala womumva m'chinenero chomwe amalirira.

Wina angati bwanji osangosiyira zonse ombudsman wa pachipatala, yemwe amalandira madandaulo a odwala, popeza Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa maofesi amenewa. Ofesiyo ndi yothandiza, ndipo ndimalimbikitsa anthu kuigwiritsa ntchito, monganso Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi zomwe zimaweruza milandu ya madokotala ndi anamwino. Koma onsewa amadikira kuti wina abwere ndi dandaulo, ndipo munthu wosauka amaopa kudandaula pamalo pomwe adzabwererenso mawa ndi mwana wodwala. Membala wa komiti amakumana naye kumsika, pamjigo kapena kumaliro, n'kumva zomwe sizikanafika paofesi. Mwayi umenewu umatayika ngati membalayo ndi munthu yemwe anthu wamba amachita naye manyazi.

Ntchitoyi ndi yodzipereka, ilibe malipiro, ndipo izi zimasefa anthu mwakachetechete. Wogulitsa tomato kapena wakabaza akakhala pamsonkhano m'mawa wonse ndiye kuti tsikulo kunyumba sikulowa kanthu, pomwe wopuma pantchito wolandira penshoni sataya chilichonse. Mapeto ake otsala mu komiti ndi omwe ali ndi nthawi, kapena omwe akuyembekezera alawansi ya maphunziro kuhotela. Kusintha nthawi ya misonkhano kuti izichitika madzulo kapena Loweruka, ndi kubwezera anthu ndalama yoyendera, kungasunge mamembala omwe komiti imawafuna kwambiri.

Kwa inu okhala ku Chiputula, ku Masasa, ku Luwinga kapena kulikonse mumzinda muno, poyambira ndi posavuta. Pitani kwa woyang'anira chipatala chanu mukapemphe mayina a mamembala a komiti, madera omwe akuimira, chaka chomwe anasankhidwa ndi chomwe nthawi yawo idzathe. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye kufunsa kotere si mwano. Mukapeza kuti mayinawo sanamatidwe pakhoma pomwe odwala amadikirira, pemphani kuti amatidwe, pamodzi ndi tsiku la msonkhano wotsatira.