Dzina la Tete pa mapiko a gulugufe

Mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zaulimi ku Ulongue anandionetsa pafoni chithunzi cha kagulugufe kamawangamawanga, pansi pake palembedwa Abantis tettensis. "Amalume, kodi Tete ameneyu ndi wathu yemweyu?" Ndinamuuza kuti ndi yemweyu, wa dzuwa loswa mtengo ndi milambe uja.

M'Chilatini, kachidutswa kakumapeto ka -ensis kamagwira ntchito ya "wa ku" wathuyu. Tettensis ndiye kuti wa ku Tete. T wachiwiriyo sikuti wolemba anaphonya ayi, azungu ambiri a masiku amenewo ankalemba Tette.

Nkhaniyi inayamba ndi Wilhelm Peters, Mjeremani wofufuza za nyama, amene ananyamuka kwawo mu 1842, n'kudzakwera mtsinje wa Zambezi mpaka kufika ku Tete. Mu 1848 anali atabwerera ku Berlin ndi katundu wadzaoneni: nsomba, njoka, mbewa, tizilombo touma, masamba ofinyidwa m'mapepala. Munthu mmodzi sakanatha zonsezo, choncho akatswiri anzake anagawana. Hopffer anatenga agulugufe, ndipo kathu kaja anakapatsa dzina mu 1855. Gerstaecker anatcha kachilombo kena Mylabris tettensis, ka mtundu wa tija timadya maluwa a nyemba ndi nandolo kumunda, tomwe ukatifinya padzanja pamatuluka matuza. Klotzsch anagwira zomera, ndipo chitsamba china cha maluwa oyera mpaka lero chimatchedwa Xylotheca tettensis.

Mwana uja anadabwa kuti gulugufe ndi kachilombo kodya nyemba angakhale bwanji ndi dzina limodzi. Chiyambire 1758, pamene Linnaeus, katswiri wa zachilengedwe wa ku Sweden, anakhazikitsa kuti nyama iliyonse izikhala ndi maina awiri, loyamba limakhala ngati mfunda, ndipo pakati pa nyama silibwerezedwa. Lachiwiri ndi lija aliyense angatenge. A Phiri ali ndi Chikondi wawo, a Banda nawonso ali ndi wawo, koma palibe amene amasokoneza.

Dzinali silitanthauzanso kuti kagulugufeka n'ka kuno kokha. Kamauluka ku Zimbabwe, ku Botswana ndi ku South Africa komwe. Limangonena pamene mzungu anakatola koyamba. Apa m'pamene pamandikhudza ine. Eni nthaka mzindawu amautcha Nyungwe, koma limene linalowa m'mabuku a dziko lonse ndi limene Apwitikizi ankagwiritsa ntchito, ndipo amene ankapalasa mabwato ndi kusenza mabokosi aja sitiwamva m'dzinali.

Patapita zaka pafupifupi 100, m'ma 1950, katswiri wina wa nyama zokwawa, Arthur Loveridge, anafotokoza za nalimata wamkulu wokhala m'mapanga a milambe ndi m'ming'alu ya miyala ya m'chigwa cha Zambezi. Iye analemba tetensis, ndi t mmodzi pakati, monga mmene timaonera pa zikwangwani tikamayandikira mlatho wa Samora Machel wolowera mumzinda wa Tete.