Shafuti yosatchinga imakola munthu asanaphethire

Aliyense wogwira ntchito ya matabwa amaopa macheka ndi mipeni ya makina opalira, ndipo n'koyenera kutero. Chimene ambiri sachiyesa kanthu ndi shafuti, chitsulo chozungulira chija chochokera ku mota kupita ku pule (gudumu loyendamo lamba) kapena ku mipeni. Ilibe mano, ndi yosalala, ndipo ikathamanga kwambiri imaoneka ngati yangoima. Shafuti sicheka ayi. Imakulunga.

Tawerengani nokha. Mota zambiri za magetsi a 50 Hz zimazungulira pafupifupi ka 1,450 pa miniti, zina ka 2,900. Ka 1,450 ndiye kuti ka 24 pa sekondi imodzi. Shafuti yonenepa mamilimita 25 ikangogwira nsonga ya mkono wa malaya, imapinda nsalu pafupifupi mamita awiri pa sekondi. Munthu kuti azindikire n'kukoka dzanja pamapita pafupifupi kota ya sekondi, ndipo pofika apo theka la mita ya nsalu lapita kale, dzanja lili pachitsulo. Ukadaulo wa zaka zambiri suthandiza apa, chifukwa palibe munthu wachangu kuposa mota. Zotsatira zake ndi zala zoduka, mkono wothyoka malo angapo, khungu losendeka. Tsitsi lalitali likakodwa limatha kuzuka pamodzi ndi khungu la kumutu.

Yang'anani malo awa

Zulani pulagi kusoketi, ndiye muzungulire makina anu mbali zonse, ngakhale kumbuyo kumene mumati sikufika munthu. Onani nsonga ya shafuti yotulukira kunja kwa pule, polumikizira mota ndi shafuti, komanso pamene lamba amalowa m'pule, poti pamenepo pamameza chala ngati pakamwa. Yendetsani dzanja pachitsulo chili chiimire. Mukamva kamutu ka bawuti kotuluka, kiyi wa pule (kachitsulo kogwirizira pule ku shafuti) wotsalira kunja, ngalande ya kiyi yopanda kanthu kapena dzimbiri lokhakhala, dziwani kuti mwapeza mbedza. Makina akale ogulidwa kwa wina ndi makina odzipangira ndiwo amakhala ndi zoterezi kwambiri, chifukwa chotchinga chinachotsedwa tsiku lina posintha lamba, osabwezeretsedwanso.

Ku United States, malamulo a OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo m'malo antchito, amati shafuti imene ili mapazi 7 (mamita awiri ndi pang'ono) kapena kucheperapo kuchokera pansi itchingidwe, ndipo nsonga yake isatuluke kupitirira theka la kunenepa kwake pokhapokha itavundikiridwa ndi kapu yosazungulira. Kunyumba kwanu sikudzabwera wofufuza, koma muyeso umenewu ndi wabwino kuutsatira.

Chotchinga chenicheni

Chotchinga chisazungulire ndi shafuti. Kukulunga tepi kapena kuveka kapaipi kothina pachitsulo n'kudzinamiza. Chimangidwe kuthupi la makina ndi mabawuti, kuti pochichotsa pafunike sipanala, osati kungochikhazika pamwamba kapena kuchimanga ndi waya. Chitseke pamwamba, m'mbali ndi pansi pomwe, kuphatikizapo kuseri kwa lamba.

Mutha kuchipanga ndi lata lolimba, pulayiwudi yochindikala kapena paipi yaikulu ya pulasitiki yomangiriridwa kuthupi la makina, bola isakhudze shafuti paliponse. Mota imafuna mpweya, choncho ambiri amaika waya wa sefa, ndipo apa ndi pamene amalakwitsa. Mabowo akakula, chala chimalowa. Malinga ndi ISO 13857, muyeso wa padziko lonse wa chitetezo cha makina, mabowo opitirira mamilimita 12 kufika 20 amafuna kuti chozungulira chitalikire mamilimita 120 kuchokera pa sefayo. Ngati malo ndi ochepa, sankhani sefa ya mabowo ang'onoang'ono. Mukamanga, zungulizani shafuti ndi dzanja pulagi ili yozula, mumvetsere ngati pali pokhula. Utuchi wodzadza m'kati muziuchotsa, chifukwa umatenthetsa mota ndipo suchedwa kugwira moto.

Ikaninso swichi yoti magetsi akathima n'kubweranso, makina asadziyambire okha. Swichi wamba mukaiiwala ili yoyatsa, makina adzalira pamene manja anu ali m'kati, kapena pamene mwana akuseweretsa lamba.

Magolovesi amateteza ku zobaya ponyamula matabwa, koma pafupi ndi chinthu chozungulira ndi msampha: avuleni. Vulaninso mphete, wotchi ndi mkanda, pindani manja a malaya kupitirira chigongono, mangani tsitsi ndi kulibisa, zingwe za epuloni zikhale kumbuyo. Musapukute shafuti ndi kansanza ikuzungulira. Mukathimitsa, dikirani mpaka iime ndithu, popeza mipeni yolemera imapitiriza kuzungulira phokoso litatha kale.

Ngozi ikachitika

Thimitsani makina ndi kuzula pulagi musanamugwire munthuyo. Musamukoke, ndipo musayatse makina poganiza kuti abweza. Dulani nsalu yokodwayo ndi sizasi. Ngati chiwalo chapanikizika kwambiri, itanani achipatala kapena opulumutsa anthu pangozi. Dindani pabala ndi nsalu yoyera mwamphamvu osalekeza, ndipo magazi akadutsa, onjezani ina pamwamba osachotsa yoyamba. Chala chikaduka, chikulungeni ndi kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikeni m'thumba la pulasitiki lomanga bwino, thumbalo muliike m'madzi a ayisi. Chisakhudzane ndi ayisiyo. Musampatse wovulalayo chakudya kapena chakumwa, chifukwa angafunike opaleshoni. Thamangirani naye kuchipatala pamodzi ndi thumbalo, muwauze nthawi imene ngozi yachitika, ndipo ngakhale bala lioneke laling'ono, funsani za jakisoni wa kafumbata.