Kodi manda a Asilamu angakhale malo opitidwako mphepo mumzinda wothithikana?

Ife ogwira ntchito yokonza mapulani a mizinda tikayang'ana chithunzi cha mzinda wa Jakarta, ku Indonesia, chojambulidwa kuchokera mumlengalenga, timaona madenga, misewu ndi konkire, ndipo ena mwa malo obiriwira amene amaonekera apo ndi apo amakhala manda. Mzindawu uli ndi anthu oposa 10 miliyoni, ambiri mwa iwo Asilamu. Lamulo la dziko la Indonesia la mu 2007 limati magawo 30 pa 100 alionse a malo a mzinda akhale obiriwira, ndipo 20 mwa magawowo akhale oti aliyense angafikepo. Jakarta akadali kutali kwambiri ndi mlingo umenewu, ndipo manda a boma amawerengedwa m'gulu la malo obiriwirawo.

Kuwerenga kotereku kuli ndi maziko ake. Malamulo a mzindawu amafuna kuti pamtumbira pabzalidwe kapinga ndi kuikapo kamwala kakang'ono ka dzina, m'malo momangapo chiliza cha simenti. Nthaka yosaphimbidwa imamwa madzi a mvula, zomwe ndi zofunika kwambiri mumzinda umene madzi amasefukira kawirikawiri, ndipo mitengo imachepetsa kutentha kwa nyumba zoyandikana nayo. Ife a kuno kwathu izi sitingazidabwe, pakuti m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha.

Funso lovuta ndi lakuti amoyo aloledwe kuchita chiyani akalowa. Chisilamu sichiletsa kuyendera manda. Mtumiki Muhammad poyamba analetsa, koma pambuyo pake analola chifukwa kutero kumakumbutsa munthu za imfa ndi moyo umene uli nkudza. Chimene chinaletsedwa mwamphamvu ndicho kukhala pamtumbira, ndipo mashehe amaphunzitsanso kuti pasapondedwe. Ku manda a Karet Bivak ndi Tanah Kusir mumzinda wa Jakarta, Ramadhan ikayandikira, pachipata pamadzaza ogulitsa maluwa ndi madzi onunkhira, ndipo mabanja amalowa, kuzula udzu pamanda a kholo lawo, kuwazapo maluwawo ndi kupemphera chapansipansi. Munthu wothamanga ndi wailesi kapena ana omenya mpira sangagwirizane ndi banja lotereli, koma nkhalamba yoyenda pang'onopang'ono mumthunzi, kapena wantchito wopumira pabenchi masana, sasokoneza aliyense.

Nchifukwa chake ndimaona kuti nkhaniyi imathera pa kamangidwe. Manda a Asilamu amakumbidwa molunjika mbali imodzi kuti womwalirayo ayang'ane ku Makka, choncho mizere yake imakhala yowongoka ndipo nkosavuta kulambula tinjira pakati pake. Pamene palibe kanjira, munthu amadumpha mitumbira ngakhale asakufuna. Mabenchi aikidwe m'mphepete mwa njira, mitengo ya mizu yotambalala ibzalidwe kumalire osati pakati pa manda, ndipo chipata cha maliro chisiyane ndi cha odutsa. Ku Istanbul, m'dziko la Turkey, njira yokwera phiri la Pierre Loti kuchokera ku mzikiti wa Eyüp Sultan imadutsa pakati pa manda akale, ndipo anthu ambiri amayendamo tsiku ndi tsiku osaponda pogona akufa, chifukwa njirayo ndi yoyalidwa miyala ndipo malire ake ndi oonekeratu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi akuluakulu a mizinda amene angamawerenge manda kuti chiwerengero cha malo obiriwira chioneke chokwera, kenaka nkuleka kugula malo a mapaki. Mwana wa m'nyumba ya chipinda chimodzi amafunika bwalo loti athamangepo ndi kukuwa, ndipo manda sangampatse zimenezo. Komanso mapulani alionse amene sanadutse kwa mashehe ndi kwa mabanja amene abale awo anagona pamenepo sayenera kusainidwa, pakuti chipata chikatsegulidwa popanda chilolezo chawo, oyamba kuleka kubwera amakhala iwowo.