Kuyeza magazi sikungakuuzeni ngati galu wakupatsirani chiwewe

Anthu akalumidwa ndi galu ambiri amabwera ku labu n'kunena kuti "tandiyezeni magazi tione ngati chiwewe chalowa", ndiye tikawauza kuti sizitheka amaona ngati tikungowakaniza dala. Ayi ndithu, vuto ndi mayendedwe a kachilomboka.

Tikamayeza ma antibodi sikuti tikusaka kachilombo kenikeniko, timasaka asilikali amene thupi lapanga kuti alimbane nako. Koma chiwewe chikalowa ndi malovu a galu pachilondapo sichithamangira m'magazi, chimagwira minyewa n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera ku ubongo, nthawi zambiri miyezi 2 kapena 3, ena sabata imodzi yokha ena mpaka chaka, ndipo nthawi yonseyi thupi limakhala lisanadziwe kalikonse. Asilikaliwo amadzaoneka munthu atayamba kale kuopa madzi ndi kubwebweta, pamenepo ndiye kupulumuka n'kosowa zedi. Nde negetivu ya sabata yoyamba ija ingokupusitsani basi.

Ntchito yeniyeni ya mayesowa ndi kuona ngati katemera wagwira. Pa njira ya RFFIT timatenga seramu, timadzi tachikasu tija totsala magazi akaundana, n'kusakaniza ndi kachilombo kamoyo kenako n'kuthira pa maselo. Tikaika mankhwala owalitsa n'kuyang'ana pa maikulosikopu, maselo amene kachilombo kalowamo amawala mobiriwira, ndipo ife timasangalala tikaona mdima chifukwa ndiye kuti asilikali agwira kachilomboka. Bungwe la WHO limati kuyambira 0.5 IU pa mililita, umene ndi muyeso wa kuchuluka kwa asilikaliwo, ndiye kuti thupi layankha bwino. Izi zimathandiza madokotala a ziweto ndi ife ogwira kachilomboka mu labu kudziwa ngati tikufunika jakisoni wowonjezera. Agalu ndi amphaka opita kumayiko ena amayezedwanso chimodzimodzi.

Galu wolumayo akafa timayeza ubongo wake, osati magazi.

Chimene chimandiwawa n'choti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndi ana, pomwe katemera alipo kuyambira 1885 nthawi ya Louis Pasteur. Mukalumidwa tsukani chilondacho ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayambe katemera ndipo mumalize majakisoni onse, chilonda chikakhala chakuya amabayanso immunoglobulin, asilikali opangidwa kale, pachilondapo. Mwana mumufunse bwinobwino, ana amakonda kubisa akakandidwa poopa kukalipiridwa.