Mpatuliro wa Mfalansa unadya bwato la munthu

Ndatopa nako kumva kuti, "Mwana wanga anaphunzira Chifalansa ku sekondale, atimasulira." Kulonjera mlendo m'Chifalansa ndi nkhani ina, kuwerenga lipoti la akatswiri a miyala ndi inanso. Ine ndimadyera ntchito yomasulira malipoti oterewa kupita m'Chingerezi, ndipo mpaka lero pali mawu amene ndimayamba ndafunsa mwini lipoti ndisanalembe.

Chiyambire 2016, pamene bungwe la ku France loona za miyala la BRGM linayamba ntchito ya GEMMAP, yojambula mapu a miyala ya m'dziko muno, pamodzi ndi a Geological Survey a ku Zomba, nthambi ya boma yoona za miyala, dzina la Afalansa lamveka pa nkhani za miyala. Akamberembere apezerapo podyera. Pepala likangokhala la Chifalansa, anthu amaligwira ndi manja awiri.

Amene amandisowetsabe tulo ndi bambo wina, msodzi wa ku Makanjira. Anandipeza pa boma pano pa Mangochi atanyamula masamba atatu a fotokope m'jumbo. Wina anawauza kuti wapeza malo a golide, akufuna mnzake woika ndalama. Pa tsamba lachiwiri panalembedwa "teneur 1,200 g/t". Mphwawo anayang'ana pa foni, n'kuwauza kuti ndi magalamu 1,200 pa tani imodzi ya miyala, kupitirira kilogalamu! Bambowo anagulitsa bwato, injini ndi chilimira.

Polemba manambala, Mfalansa amaika mpatuliro pamene ife timaika kadontho. Nambala ija inali 1.2, kagalamu kamodzi ndi kachidutswa. Kuti mukapeze muyenera kuphwanya ndi kusefa tani yathunthu.

Si zokhazo. Malowo lipoti linkawatchula kuti "indice". Foni inamasulira kuti "index", mphwawo n'kungowalumpha mawuwo. Kwa akatswiri a miyala, indice ndi chizindikiro chabe, fungo la ndiwo pakhomo pa eni. Akatsimikiza kuti m'nthakamo muli chuma chounjikana amati "gisement", ndipo pakati pa mawu awiriwa pali zaka zoboola pansi ndi kuyeza. Miyala yaitali yobulungira imene amaitulutsa poboolapo amaitcha "carottes". Ndinamvapo womasulira wina pamsonkhano akuuza anthu kuti alendowo apeza makaroti pansi pa nthaka. Zija tinaseka, palibe analuza kanthu.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, ndalama mwapereka kale?" Anangoyang'ana pansi. Ndinazengereza kuwauza chachitatu. Pamwamba pa tsamba loyamba panali mawu akuti "Birimien", dzina la miyala yakale ya kumadzulo kwa Africa, kumene Mali, Burkina Faso ndi Ghana amakumbako golide. Masamba aja sanali a Makanjira, sanali a nkhalango ya Namizimu, sanali a Malawi n'komwe. Tsamba la mapu ndi dzina la malo, munthu wa golide uja analichotsa dala.

Choncho musandibweretsere masamba atatu. Bwerani ndi lipoti lonse, chikuto ndi mapu omwe, ndipo bwerani musanasaine, ndalama zikadali m'thumba. Wokugulitsani akati mawa kubwera wina wa ndalama zambiri, mulekeni apite kwa winayo. Womasulira amene sakufunsani kuti miyalayo inatengedwa kuti, inayezedwa ku labotale iti, angokulemberani Chingerezi chokoma basi. Ngakhale ine ndikamasulira, pitani nalobe ku Zomba akaone ngati malowo akuwadziwa.

Bambo aja ndinakumana nawo mwezi watha pamlatho wa Bakili Muluzi. Akuti pano amakoka khoka la eni ake ku Malombe.