Madzi akumwa ndi suweji zikakhala ndi mwini mmodzi

Mu July 2017 anthu a ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe adatsegula mipopi yawo n'kuona madzi akuda, onunkha zonyansa za m'chimbudzi. Paipi ya suweji idali itasefukira, ndipo chapafupi pomwepo paipi ya madzi akumwa idali itaphulika. Nkhaniyi idafika mpaka kubwalo la milandu, ndipo amene adakayankha kumeneko sanali mmodzi. Kudali Lilongwe Water Board, kudali khonsolo ya mzinda, kudalinso Malawi Housing Corporation. Mapaipi awiri ogona moyandikana m'nthaka imodzi, koma eni ake atatu.

Ife amene timagwira ntchito ya madzi timadziwa mmene zoterezi zimachitikira, ndipo si zachilendo monga mmene anthu amaganizira. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankha kuchokera mkati, choncho pamene pabooka madzi amatuluka koma chakunja sichilowa. Madzi akangosiya, kaya magetsi azima kaya akukonza penapake, paipi ija imasanduka ngati bango loyamwira. Chilichonse chimene chadikha pafupi ndi bowo chimalowa. Madzi akabweranso amanyamula zonsezo mpaka m'ndowa mwanu. N'chifukwa chake ine ndikamva kuti dera lina likulandira madzi kawiri pa sabata, sindidandaula za ludzu lokha ayi.

Apa ndiye pamachokera ganizo lakuti madzi akumwa ndi suweji zikhale m'manja mwa bungwe limodzi. Ku Malawi ganizoli si latsopano. Lamulo la Waterworks Act la 1995 lidapereka kale ntchito ya suweji kwa mabungwe a madzi, koma makhonsolo adapitiriza kuigwira poyendera malamulo ena a zaumoyo ndi a maboma ang'ono, ndipo zidakhala choncho zaka zoposa makumi awiri. Ku Lilongwe kusamutsa ntchitoyi kudayamba kuyenda pansi pa Lilongwe Water and Sanitation Project, yomwe World Bank idavomereza mu 2017 ndipo idakhudzanso maiwe otsukira zonyansa a ku Kauma.

Kuphatikiza kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo anthu amakonda kukusokoneza. Kwina ndi kumene ndatchulaku, kotenga suweji n'kuiika pamodzi ndi madzi. Kwina ndi kotenga matauni ang'onoang'ono ambiri n'kuwaika pansi pa bungwe limodzi lalikulu. Kwachiwiriku tidachita kale m'ma 1990 pamene padabadwa mabungwe a zigawo atatu, Northern Region, Central Region ndi Southern Region Water Board, kuwonjezera pa a Blantyre ndi Lilongwe omwe adalipo kale.

Phindu loyamba la kuphatikiza suweji ndi madzi ndi la ndalama, ndipo ndi losavuta kulimvetsa. Munthu amalipira madzi chifukwa akapanda kulipira amamudulira. Suweji simungaidule. Mukatseka paipi ya nyumba imodzi, zonyansa zimasefukira pamsewu ndipo amene amavutika ndi oyandikana nawo. Khonsolo imadalira msonkho wa malo, womwe umagawidwa pakati pa misika, misewu, zinyalala ndi malipiro, ndipo pampu ya kumalo otsukira zonyansa imakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere chifukwa palibe amene amaiona. Bungwe la madzi lili ndi mita pakhomo panu, limadziwa kuti mwagwiritsa ntchito madzi ochuluka bwanji mwezi uno, ndipo ambiri mwa madziwo amathera m'suweji. Likaika mtengo wa suweji pa bilu yomweyo, ntchito imene idalibe thumba lake imayamba kukhala nalo.

Phindu lachiwiri, lochokera pa kuphatikiza matauni, ndi la anthu. Tauni yaing'ono singathe kulemba injiniya wakewake, katswiri wa magetsi a mapampu, woyeza madzi mu labotale ndi wowerengera chuma. Matauni khumi akasonkhana angathe. Ndidagwirapo ntchito pa siteshoni ina yaing'ono pomwe bambo mmodzi ankathira klorini poyeza ndi chitini cha mkaka, chifukwa makina othirira adafa iye asanalembedwe ntchito. Sadali waulesi. Ankadzuka 4 koloko m'mawa, ankalemba zonse m'kabuku kamene kadali katanyowa mpaka masamba kumatana. Chimene chinkasowa ndi munthu woti iye amuimbire foni pakavuta. Siteshoni ija italowa m'bungwe lalikulu, chinthu choyamba chimene chidasintha si mapaipi ayi, koma kuti kamodzi pamwezi kunkabwera galimoto yodzatenga madzi m'mabotolo kukayeza, ndiponso klorini adayamba kugulidwa wambiri nthawi imodzi pamtengo wotsikirapo. Bambo uja adandiuza kuti, "Achimwene, tsopano ndikugona tulo."

Koma ndikufuna ndikhalitse pa zimene sizinenedwa pa tsiku losainirana mapepala. Bungwe likamalandira suweji kapena tauni yatsopano, silimalandira makasitomala okha. Limalandira mapaipi amene adaikidwa kale kwambiri, mapu amene adatayika, mapampu akufa, ngongole ya magetsi, ndi antchito amene malipiro awo ayenera kufanana ndi a anzawo. Pophatikiza, malipiro sakumana pakati. Otsika amakwezedwa kuti afike pa apamwamba, ndipo m'pomveka. Choncho m'zaka zoyambirira ndalama zoyendetsera ntchito kawirikawiri zimakwera m'malo motsika. Wandale amene adalonjeza kuti kuphatikiza kutsitsa mabilu amakhala kuti adalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwake.

Palinso nkhani ya mtunda. Kukula kumathandiza pamene makasitomala ali pamodzi, pa paipi imodzi. Matauni otalikirana makilomita 100 sangagawane thanki kapena pampu. Amagawana likulu lokha, ndipo likulu likatalika, paipi yophulika Lachisanu madzulo imadikira chilolezo chogulira zipangizo mpaka Lachiwiri. Ndaona mabungwe akuluakulu akuyenda bwino pokhapokha woyang'anira tauni akapatsidwa kathumba kake ndi mphamvu yogula zofunika mwachangu. Ku Uganda, National Water and Sewerage Corporation, yomwe idayamba mu 1972 ndi Kampala, Jinja ndi Entebbe basi, lero imatumikira matauni opitirira 250. Chimene chidaithandiza kwambiri kuchokera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi mapangano amene likulu linkachita ndi oyang'anira madera: afikire zolinga zakutizakuti, apatsidwe ufulu wochita, ndipo akakwanitsa alandire mphotho. Matauni ang'ono ambiri kumeneko amakhalira ndalama zochokera ku Kampala. Komabe ngakhale dzina la bungweli lili ndi mawu a suweji, anthu olumikizidwa ku suweji ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi olandira madzi.

Zimenezi zimandidetsa nkhawa ndikaganiza za kwathu kuno. M'bungwe lophatikizana, madzi ndiye mwana wokondedwa chifukwa ndiwo amabweretsa ndalama ndipo akasowa anthu amakuwa tsiku lomwelo. Taganizani za Blantyre Water Board, yomwe imapopa madzi ambiri kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza mamita mazanamazana kuti afike mumzinda. Bilu ya magetsi yokha imadya gawo lalikulu la zimene bungweli limatolera. Kuwonjezera apo, m'mizinda yathu iwiri ikuluikulu madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu amatayika kapena salipiridwa. Mukasenzetsa bungwe lotere malo otsukira zonyansa a ku Soche, Limbe ndi Chirimba popanda kutchingira ndalama za suweji m'thumba lakelake, ndalamazo zidzathera ku magetsi a mapampu a madzi, ndipo mtsinje wa Mudi udzanunkhabe monga kale. Mutu umodzi susenza denga, koma denga likakhala lowola, kuchulutsa mitu sikulikonza.

Dziko la Hungary likutiphunzitsa za mitengo. Lamulo la 2011 lidachititsa kuti makampani a madzi pafupifupi 400 aphatikizane mpaka kutsala pafupifupi 40. Kenaka mu 2013 boma lidatsitsa mitengo n'kuiimitsa pamenepo kwa zaka zambiri. Makampani adakula ndithu, koma ndalama zosinthira mapaipi okalamba zidachepa. Kwathu kuno mitengo ya madzi imadikira chilolezo cha boma, ndipo kwacha ikagwa mankhwala otsukira madzi ndi zipangizo zochokera kunja zimakwera tsiku lomwelo pomwe mtengo wa madzi umatsalira.

Anzathu a ku Zambia adachita chinthu chimodzi chimene ine ndimachisirira. Lamulo lawo la 1997 lidalola makhonsolo kupanga makampani a madzi ndi suweji pamodzi, monga Nkana, Kafubu ndi Mulonga ku Copperbelt, komanso lidakhazikitsa NWASCO, bungwe loima palokha lopereka ziphaso, kuvomereza mitengo ndi kuyang'anira makampaniwo. Chaka chilichonse NWASCO imatulutsa lipoti losanja makampani onse: maola amene madzi amatuluka, madzi otayika, ndalama zotoleredwa, ukhondo. Mkulu wa kampani imene yathera pansi amachita manyazi pamaso pa anzake ndi atolankhani. Bungwe likakula popanda woliyang'anira wotere, kasitomala amasowa kokadandaula, chifukwa kale ankatha kupita kwa khansala wake koma tsopano ofesi ili kuchigawo.

Ndipo pali anthu amene kukambirana konseku kumawadumpha. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre olumikizidwa ku suweji ndi kagawo kakang'ono chabe. Ku Mtandire, ku Mgona, ku Ndirande, ku Bangwe, anthu amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo ena matanki a pansi. Chimbudzi chikadzaza pamalo opanda pokumba china, amaitana anyamata odzachotsa ndi zidebe usiku, ndipo zonyansazo zimathera m'ngalande kapena m'dzenje losaya kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime cha wina. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adadwalitsa anthu opitirira 58,000 ndi kupha opitirira 1,700 m'dziko muno, adapweteka kwambiri m'madera ngati amenewa. Bungwe likalandira mapaipi a suweji okha, likutumikira amene ali kale ndi mwayi, ndipo nthawi zina ndi ndalama za mayi wogula madzi pa kiyosiki.

Ku Lusaka kampani ya madzi idavomera kuti zimbudzi zokumba ndi ntchito yakenso. Ku Kanyama ndi ku Chazanga kudakhazikitsidwa magulu ochotsa zonyansa masana, ovala magolovesi ndi majombo, onyamula m'migolo yotseka kupita kumalo otsukirako, pamtengo wodziwika. Kampaniyo idasinthanso dzina, kuchotsa mawu a suweji n'kuikapo a ukhondo. Mwini nyumba wa ku Kanyama amatha kupita ku ofesi yomwe ija amalipirako madzi, n'kulembetsa tsiku loti adzamupopere chimbudzi.