Si kuchepa kwa magazi kulikonse kumene kumayamba ndi zakudya

Mwana akapezeka ndi magazi ochepa, mlandu umagwera mayi: sakumudyetsa bwino. Nthawi zambiri gwero limakhaladi zakudya, malungo kapena njoka za m'mimba. Koma pali ana ambiri amene magazi awo ndi otengera ku mtundu, ndipo mapiritsi a ayironi sangawasinthe.

Kafukufuku wa zakudya za m'thupi amene anachitika m'Malawi mu 2015 ndi 2016 anayezanso chibadwa cha magazi a ana osakwana zaka zisanu. Ana oposa 40 pa 100 alionse anapezeka ndi alpha thalassaemia, imene imachititsa maselo ofiira kukhala aang'onoang'ono. Pafupifupi 9 pa 100 anali onyamula sickle cell (matenda opinda maselo ofiira ngati chikwakwa), kutanthauza kuti anatengera kwa kholo limodzi lokha ndipo iwo sadwala, ndipo mnyamata mmodzi mwa asanu alionse anali ndi vuto la G6PD, lomwe ndi kuchepa kwa chinthu chimene chimateteza maselo ofiira kuti asasweke.

Zinachuluka chonchi chifukwa cha malungo. Mu 1954, wasayansi Anthony Allison anaonetsa ku East Africa kuti mwana amene watengera sickle cell kwa kholo limodzi lokha amapirira malungo kuposa anzake. Ana otere ankapulumuka, nkukula, nkubereka. Tsoka limadza bambo ndi mayi onse akakhala onyamula: pa mimba iliyonse, mpata woti mwana abadwe ndi matenda enieniwo ndi umodzi mwa inayi. Mwanayo amatupa manja ndi mapazi, mafupa amamuphwanya, m'maso mumachita chikasu. Mabanja ambiri amataya zaka kwa asing'anga, pamene mankhwala a hydroxyurea amachepetsa ululuwo.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ife a zachipatala tikamapereka mankhwala ndi G6PD, chifukwa imabisala. Munthu amaoneka wathanzi mpaka tsiku limene wamwa mankhwala osagwirizana naye, monga primaquine kapena dapsone. Maselo ofiira amasweka, mkodzo nkuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mankhwala a malungo a Lapdap anachotsedwa pamsika mu 2008 pa chifukwa chomwechi.

Alpha thalassaemia yofala kuno nthawi zambiri siipweteka munthu, koma imasokoneza poyeza, pakuti maselo aang'ono amafanana ndi a munthu wosowa ayironi. Choncho mwana wanu akamwa ayironi miyezi itatu magazi osakwera, musangolandiranso botolo lina. Funsani adokotala ngati angamuyeze sickle cell, ndipo auzeni ngati kubanja kwanu kapena kwa amuna anu kuli wina amene amawonjezeredwa magazi kawirikawiri.